Pepala Lovuta Lili ndi Sikelo Yake

Inu amene mwagwira tsaya chifukwa mayeso akukanani, tamvani za mtsikana wina amene anzake ankamutcha Simbi.

Dzinali analitengera ku ntchito. Makolo ake atamwalira, anamutenga ndi azakhali ake, mayi wapakamwa koma wamtima wabwino, amene anali ndi kashopu kochapa ndi kusita zovala. Tsiku lonse Simbi ankakhala chiimire pa tebulo, makala akunyeka m'simbi, malaya a anthu ali mulu pambali. Koma mtima wake unali ku koleji ya unamwino, ndipo khomo lake linali limodzi basi: mayeso olowera.

Tsiku la mayeso, atangotsegula pepala, mutu unaima. Funso loyamba, mwala. Lachiwiri, mwala. Atacheuka anaona mnyamata wamagalasi akulemba ngati akuthamangitsidwa. Pajatu anzake anali atamuuza kuti malikisi amagawidwa poyerekeza ndi amene walemba nawo, ndiye ukagwera m'chipinda cha anzeru, zako zada. Simbi anataya mtima. Anatuluka nthawi isanakwane, misozi ili chuchuchu, masamba awiri omaliza osawayang'ana n'komwe.

Zotsatira zitabwera, anapeza kuti anatsala pang'onong'ono kufika pa malikisi ofunika. Mnzake amene analemba mwezi wina, yemwe ankadzitama kuti pepala lake linali phala ndipo anayankha zonse, anapeza malikisi ofanana ndi a Simbi. Simbi zinamuzunguza mutu, ndipo zinamupweteka koopsa.

Azakhali ndiye sanamunyengerere.

"Iwe, pepala linakuluma kuti uthawe? Ndikupatsa mpata umodzi wokha. Ukakatulukanso nthawi isanakwane, mabuku akowa ndiyatsira makala, ndipo za koleji usadzazitchulenso m'nyumba muno."

Pashopupo pankabwera bambo wina, mphunzitsi wa masamu wopuma pa ntchito. Tsiku lina anapeza Simbi ali duu, kolala ya malaya awo itatsala pang'ono kupserera. Atamufunsa chavuta n'chiyani, mtsikanayo anakhuthula zonse.

"Tandiuza, mwanawe," anatero aphunzitsiwo. "Iwe utasita majekete asanu, mnzako n'kusita mipango isanu ndi iwiri, wagwira ntchito yaikulu ndani?"

"Ine, aphunzitsi. Jekete si masewera."

"Okonza mayeso nawonso si ana. Amadziwa kuti mapepala awo salemera mofanana, ndiye lililonse ali nalo sikelo yake. Amawerenga kaye mafunso amene wakhoza, kenako n'kuwasandutsa malikisi malinga ndi kulemera kwa pepalalo. Pa lovuta ungalakwe angapo, malikisi n'kukhalabe pamwamba. Pa lophweka, ukangophonya pang'ono, amatsika kwambiri."

"Nanga wamagalasi uja?"

"Wamagalasi wakulakwira chiyani? Sikeloyo imayeza pepala, osati amene wakhala naye pafupi. Ngakhale m'chipindamo mukanadzaza maprofesa okhaokha, malikisi ako akanakhala omwewo."

Simbi anakhala pansi pa mtolo wa zochapa. Abale inu! Ndiye kuti m'masamba awiri aja, akanangokhozamo funso limodzi kapena awiri, bwenzi ali ku koleji. Pepala silinamugwetse ayi, anadzichotsa yekha. Anakwiya, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unamudzutsa.

Kuyambira pamenepo aphunzitsi ankabweretsa mapepala akale a mayeso pamodzi ndi zochapa zawo. Simbi ankasankha dala ovutitsitsa, n'kuwamata pakhoma moyang'anizana ndi tebulo. Dzanja likusita, maso ali pa funso. Madzulo akatseka shopu, ankakhala pampando ndi pepala lathunthu, osadzuka mpaka nthawi ithe, kaya zikutheka kaya sizikutheka. Funso likakhala mwala ankalidumpha, n'kudzalibwerera pambuyo.

Musaganize kuti zinangoyenda. Masiku ena ankalakwa pafupifupi theka, n'kulira. Tsiku lina anawotcha thalauza la kasitomala chifukwa cholimbana ndi samu, ndipo azakhali anakalipa mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera. Koma m'mawa mwake Simbi anapeza mulu wa zosita utachepa. Mayi aja anali atalawirira kumusitira, ndipo sanatchuleko n'kamodzi komwe.

Tsiku lobwereza linafika. Atatsegula pepala, ha! Linali lolemera kuposa loyamba lija. Pasanapite nthawi, mtsikana amene anakhala pambali pake anaimirira akusisima, natuluka. Miyendo ya Simbi inafuna kumutsatira. Iye anakola mapazi ake ku miyendo ya mpando, n'kunong'ona yekha: "Ili ndi jekete. Jekete amasita pang'onopang'ono."

Anadumpha mafunso ovuta, anawabwerera, anafika mpaka tsamba lomaliza, ndipo kumeneko anapezako mafunso atatu amene ankawadziwa ngati dzina lake. Woyang'anira atanena kuti zolembera pansi, Simbi anali akadali pampando.

Kunyumba azakhali anamuchingamira pakhomo.

"Zinali bwanji?"

"Zovuta kuposa poyamba, azakhali."

"Ndiye wathawanso?"

"Ndatuluka womaliza."

Mayi aja anangoti, "Hm," n'kulowa m'nyumba. Mabuku sanawakhudze.

Zotsatira zitatuluka, Simbi anali atadutsa, ndipo osati mokwawa ayi. Mafunso amene analakwa analipo ndithu, koma sikelo ya pepala lolemeralo inamuwerengera thukuta lake lonse.

Yunifolomu yake yoyamba, yoyera mbee, azakhali sanalole kuti wina aikhudze. Anaisita okha, mofatsa, kolala mpaka kawiri. Simbi ataona madzi akutsika m'masaya mwawo, anati, "Azakhali, mukulira?"

"Ndani akulira? Ndi utsi wa makalawu. Tavala tione, anamwino."

Ndiye inu amene mukukonzekera mayeso, mverani. Pepala likakulemerani, musadziweruze nokha, pakuti sikelo simunaione. Musayang'ane wamagalasi, yang'anani funso lotsatira. Miyendo ikafuna kuthawa, ikoleni kumpando. Mtima usagwe, ndipo musadzuke mpaka atanena kuti zolembera pansi.