Tsabola wa Ismael Grijalva

Mlamu wanga Ismael Grijalva anabadwira ku Agua Prieta, tsidya la Mexico, koma kwa zaka makumi asanu wakhala tsidya lino la America, ku Douglas, m'nyumba yoti ukaima pakhonde umauona mpanda wa malire. Anakwatira mlongo wanga Amparo ine ndisanavomereze, ndipo mpaka lero sindinavomereze. Anagwira ntchito kufakitale yosungunula mkuwa mpaka itatsekedwa, kenako analowa ntchito yosesa pasukulu imene ine ndinkaphunzitsa mbiri yakale. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ine ndikuphunzitsa, iye akukolopa. Tsiku lopuma pantchito ana anamuimbira nyimbo, ena mpaka misozi. Ine tsiku langa anandipatsa kapu yomwera khofi. Sindinaiwale.

Ismael sadandaula, ndipo n'zimene zimandikwiyitsa. Mng'ono wake Rómulo atagulitsa nyumba ya malemu amayi awo ku Agua Prieta osamufunsa, ine ndinati tipite kwa loya. Iye anangofunsa kuti ogulawo ayamba liti kugwetsa. Anamuuza kuti Lolemba.

Kuseri kwa nyumbayo kunali chitsamba cha chiltepín, tsabola wakutchire uja, wofiira, wamng'ono ngati mkanda. Amayi ake anachibweretsa kuchokera kumapiri chaka chimene bambo ake anamwalira. Ismael sadya chakudya chopanda tsabola wa chitsamba chimenecho. Amayenda naye m'kabotolo m'thumba la malaya, ndipo ndinamuonapo akumufinyira m'mbale pa ukwati wa eni ake, mkwatibwi akuyang'ana. Njere anafesapo kanayi ku Douglas, osamera. Tsopano ankafuna chitsamba chenichenicho chisanaphwanyidwe ndi makina.

Lachisanu anabwera kwathu.

"Alamu, tiyeni tikapume tsidya mawa ndi mkuja. Hotela, nyama yootcha, Amparo akaonetse dzino lake lija."

"Kupuma inuyo? Mwatopa ndi chiyani, kukhala pampando?"

"Ndatopa ndi kumva mawu anu tsidya lino. Ndikufuna ndikawamvere tsidya lina."

Tinawoloka wapansi Loweruka m'mawa, chifukwa mzere wa magalimoto pobwerera Lamlungu umadya theka la tsiku. Amparo ananyamula chikwama, Ismael ndowa yopanda kanthu. Sindinafunse. Ndinadziwa.

Loweruka linayenda monga amayendera Maloweruka onse tsidya. Amparo dokotala anamuzula dzino, ndipo atatuluka anakagula mankhwala, nsapato, ndi maswiti oti sakanatha kuwatafuna. Kuhotela mpopi wa madzi otentha unkatulutsa ozizira, ndipo ndinamuuza mwini wake mwatsatanetsatane. Madzulo tinadya nyama yootcha, oimba anabwera patebulo pathu, Ismael n'kuvina ndi mkazi wake wotupa tsaya.

Lamlungu titatuluka ku Misa tinapita kunyumba ija. Zitseko anali atachotsa kale. Ismael anabwereka fosholo kwa aneba, n'kulemba bwalo lalikulu mozungulira chitsambacho. Anakumba maola awiri, kumapeto ndi manja, chifukwa tsabola ameneyu mizu yake ikangosiyana ndi dothi lake, basi wapita. Anachiika m'ndowa ndi dothi lonse, n'kuthirira.

"Alamu, dothi siliwoloka malire," ndinatero. "Ndi lamulo. Zalembedwa pachikwangwani m'zinenero ziwiri, ndipo inu mumawerenga zonse ziwiri, ngakhale movutikira."

"Dothi lake liti, aphunzitsi? Lomweli mphepo imaliwolotsa tsiku ndi tsiku? Amparo amalisesa pakhonde. Munamvapo akulifunsa pasipoti?"

"Mukawauze zimenezo pachipata."

"Ndikawauza."

Pamzere tinaima ola lathunthu, dzuwa lili paliwombo. Ismael anavula chipewa n'kuchiphimba pa chitsamba, dazi lake n'kulisiya likupsa. Anthu anayamba kumugemula.

"Madala, mwanayo mapepala ali nawo?" anafuula dalaivala wina kuchokera pamzere wa magalimoto.

"Ndi nzika kuposa iwe!" anayankha Ismael.

Pachipata panali mayi wachitsikana wa yunifolomu. Atangomuona Ismael anamwetulira.

"Aa, a Grijalva a kusukulu kwathu! Muli bwanji, achikulire?"

Ndinamuzindikira. Ndinamuphunzitsa zaka ziwiri, ankakhala mzere wakutsogolo. Ine anangondiyang'ana pasipoti n'kundibwezera.

"Mwanyamula chiyani, achikulire?"

"Tsabola wa amayi anga, mwananga. Sindikubisa, ndi uyu."

Mayiyo anasuzumira m'ndowa. Kumwetulira kuja kunatha.

"Dothi sililowa, a Grijalva. Ndipo ngakhale mutatsuka mizu, chomera chimafunika chikalata cha oyeza matenda, lero Lamlungu simuchipeza. Pepani. Muchisiye m'bini umo, kapena mubwerere nacho."

Biniyo inali pomwepo, yodzaza mango ndi malalanje a anthu ena. Ismael anaiyang'ana kamodzi. Nkhani yake ya mphepo ija sanaitchule n'komwe.

"Zikomo, mwananga. Ukugwira bwino ntchito."

Ananyamula ndowa n'kutembenuka. Amparo anati, "Bambo, ine pamene anazula dzino paja pakundigunda, ndikupita kunyumba. Mukamaliza misala yanuyi mundipeza." Anadutsa. Ine ndinamutsatira Ismael, chifukwa panafunika munthu womukumbutsa kuti ndinanena.

Ndinamukumbutsa misewu itatu yathunthu. Masamba anali atayamba kufota. Kunyumba ya amayi ake sitikanabwerera, popeza makina ankabwera m'mawa mwake. Ismael anayenda molunjika ngati anakonza kale, mpaka pa shopu ya Filemón Ochoa, wometa amene wakhala akumumeta kwa zaka makumi anayi, kuyambira tsitsi lilipo mpaka lero kulibe. Kuseri kwa shopuyo kuli mtengo wa minga wa mthunzi wopyapyala, ndipo tsabola ameneyu amafuna mthunzi wotero.

Filemón anatuluka lumo lili m'manja.

"Achimwene, ine ndimameta anthu. Zomera ayi."

"Ndikungofuna malo, Filemón. Apa pokha."

"Kuthirira sindithirira. Ndinaumitsa ngakhale kakitasi, chomera cha m'chipululu chija."

"Ndidzithirira ndekha."

"Nanga lendi? Theka la tsabola ndi langa."

"Theka? Wakuba iwe!" ndinatero ine.

"Aphunzitsi, inu munabwera kudzameta kamodzi mu 1994 n'kunena kuti ndakudulani khutu. Khalani chete."

Anandidula khutu. Chipsera chilipo.

Ismael anavomera theka. Anakumba dzenje ndi chitsulo chotsekulira matayala, n'kutsitsamo chitsamba ndi dothi lake lonse, n'kutsendera ndi zikhatho.

Lolemba nyumba ija anaigwetsa. Pano pali malo otsukira magalimoto, ndipo Rómulo ndikakumana naye mumsewu ndimayang'ana kumbali. Loweruka lotsatira tinapeza masamba onse atayoyoka, patangotsala timitengo. Ndinati chafa. Ismael anakanda khungwa ndi chikhadabo, n'kundionetsa mobiriwira m'kati, n'kuthirira. Loweruka lachitatu panatuluka timasamba tiwiri.

Kuyambira pamenepo Ismael amawoloka Loweruka lililonse. Amathirira, amakhala pampando wa Filemón kumetedwa chimene kulibe, amadya nyama yootcha, nthawi zina n'kugona kuhotela ya madzi ozizira ija n'kubwerera Lamlungu. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi ndipo bondo lake ndi loipa, ndiye chitini cha madzi ndimanyamula ndine. Mu Okutobala chitsambacho chinafiira. Anathyola, n'kuyanika padenga la shopu, ndipo tsabola wouma anawoloka naye pachipata chomwe chija, atamuonetsa, popanda womuletsa.

Filemón anatenga theka lake, osathirirako ngakhale kamodzi. Ndinayeza ndi maso, mulu wake unali waukulu. Loweruka likubwerali ndikamuuza pamaso.