Dayisi Imagwera M'lichero

Fungo la katoni yonyowa limandibweza kutali. Ngakhale lero, ndikalowa m'sitolo ku Mfuwe nthawi ya dzinja n'kumva kafungo ka makatoni amene akoka chinyezi, ndimaima njii ndi mwana kumsana, mpaka wogulitsa kundifunsa kawiri chimene ndikufuna. Mtima umakhala uli pansanja ya m'munda mwathu, chaka chimene ndinali mu giredi faivi, madzi atadula njira ya kusukulu.

Atate ankagwira ntchito ya kukhitchini pa kampu ina ya alendo kufupi ndi Chinzombo. Mvula ikalimba kampuyo inkatsekedwa, iwo n'kubwera kunyumba ndi tinthu timene alendo asiya. Chaka chimenecho anatibweretsera masewera a njoka ndi makwerero. Tinasewera sabata imodzi yokha. Bolodi yake tinaiiwala pansi kuseri kwa thumba la mapira, ndipo chiswe sichinachedwe, chinadya njoka zonse ndi makwerero omwe. Inatsala dayisi yokha, yoyera, ya madontho akuda, yosalala ngati dzino. Ndinkaisunga m'mfundo ya chitenje changa.

Khwawa la pakati pa mudzi wathu ndi sukulu litadzaza, makolo anatipatsa ntchito yolondera chimanga kwa anyani. Njovu za usiku ankalondera akuluakulu, ife ntchito yathu inali ya masana. Tinkakhala anayi pansanja ya mitengo yofoleredwa ndi udzu: ineyo, mng'ono wanga Naomi, msuweni wathu Mabvuto amene ankayenda ndi legeni m'khosi, ndi Esnart, mnzanga wa pamtima, mwana wa mtundu wa Achikunda wa munda woyandikana ndi wathu. Esnart anali ndi pakamwa pakuthwa. Akakwiya ankasiya Chinyanja n'kutikalipira m'chilankhulo cha kwawo, ife obwera kuchokera kumtunda n'kumangotolako mawu amodziamodzi.

Tikaimirira pansanjapo tinkaona mitengo italiitali ya kutsidya kwa Luangwa. Kumeneko kunali paki, malo a nyama, kumene kunkalowa alendo pagalimoto ndi masikauti a mfuti, osati ana a m'mudzi. Tsiku lina mvula ikuwaza, Mabvuto anausa moyo n'kunena kuti adzafa asanapondeko.

"Tiyeni tipite lero," ndinatero.

"Pa mapiko a ndani, Judi?" anandifunsa Esnart.

Ndinatenga katoni ya mafuta ophikira imene tinkakhalira, n'kuiyala bwinobwino. Ndi khala ndinajambula mtsinje wokhotakhota m'mphepete mwake. Kwina konseko ndinakusiya koyera. Ndinawauza kuti ili ndi Dziko la Kutsidya, ndipo aliyense apeze munthu wake woti awoloke naye. Mabvuto anatola chitsekerero cha botolo n'kuchitcha Kapitao, msilikali wa mkondo wa mphezi. Naomi anadula batani lobiriwira pa diresi lake, akuti ndi kamtsikana komva chilankhulo cha mbalame, ndipo madzulo ake analandira khofi kwa amayi. Esnart anatsika, n'kubwera ndi chigoba cha nkhono chachikulu, chamizeremizere. Anati ameneyo ndi Mayi Uchi, wamalonda, ndipo saopa munthu.

Malamulo sitinawapange tsiku limodzi. Ankabadwa pa mkangano uliwonse. Munthu aliyense anali ndi nthangala zitatu za bwemba, umenewo ndiwo unali moyo wake. Nthangala zikatha, munthuyo wafa, ndipo tizikamukwirira pansi pa nsanja. Ukafuna kuchita chinthu chovuta, unkagwedeza dayisi. Ikagwa wani kapena thu, zakukanika, ndipo ine, wosunga dziko, ndinkanena tsoka lako, mwinanso n'kukulanda nthangala imodzi. Ikagwa firii, folo kapena faivi, zatheka. Koma ikagwa sikisi, pakamwa panali pako: chilichonse chimene unganene chinkachitikadi, ine osatsutsa. Malo alionse amene munthu watchula ankawajambula yekha pakatoni, ndipo sankafufutidwanso. Lamulo lina linabwera ndi anyani. Akalowa m'munda, dziko linkaima, tonse n'kuthamanga ndi zitini ndi miyala, ndipo womalizira kukwera pansanja ankadumphidwa ulendo umodzi. Sindikhulupirira kuti m'chigwa monse munali munda wolonderedwa mwaukali ngati wathu.

Panali lamulo linanso limene linabwera chifukwa cha nsanjayo. Mitengo yake inali ndi mipata, ndipo tsiku lina dayisi inagwera m'matope, tinaifunafuna mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo tinkaigwedezera m'kapu ya chitsulo n'kuivundikira pakatoni. Amene ankavundukula kapu ndinali ine. Ndinkasuzumira kaye ndekha, kenako n'kulengeza. Palibe amene anaona vuto.

Ha, mmene tinkasewerera! M'mawa ndinkamwa phala mothamanga mpaka kupsa lilime. Tinkadutsa m'matope akuda aja omata ngati ulimbo, mapazi kulemera, udzu wonyowa ukutikwapula m'miyendo, njiwa zikulira, mvuu zikuseka kumtsinje. Pofika pansanja aliyense amakhala atabwera ndi maganizo amene wagona nawo. Mabvuto anagwira njiri youluka n'kuiweta, koma inkangouluka chammbuyo chifukwa pa tsiku loiphunzitsa anaponya thu. Naomi anajambula mtengo wa mlambe wokhala ndi makomo seveni, khomo lililonse lotulukira ku nyengo yake. Esnart anapeza chilumba pakati pa mtsinje n'kumangapo msika. Ankagulitsa uchi kwa mvuu, mvuu n'kumalipira ndi nkhani za pansi pa madzi, ndipo nkhanizo ndinkayenera kuzipeka ine pomwepo, thukuta lili kamukamu. Katoni inadzaza, tinasokererapo ina ndi luzi. Tinkakuwa mpaka atate a Esnart anabwera tsiku lina ndi nkhwangwa, poganiza kuti taona njoka.

Koma ine ndinali ndi chinsinsi. Kumapeto kwa katoni yachiwiri, chakumpoto kwa dzikolo, ndinasiya malo opanda kanthu, ndipo kumeneko ndinabisako Chimatope. Chinali chilombo chachikulu kuposa tchalitchi chathu, chonga ng'ona, chokhala ndi nkhalango pamsana, ndipo chikayasamula mitsinje inkabwerera kumene yachokera. Ndinachijambula kumbuyo kwa buku langa la masamu. Ndinakonza mawu ake, kayendedwe kake, ngakhale mmene nkhondo yomaliza idzathere. Ndinkachiganiza potunga madzi ndi posinja. Ndinkangodikira tsiku loti anzanga akafike kumeneko.

Iwo sankapita. Ndikawauza kuti kumpoto kukumveka kubangula, Esnart ankati, "Chibangule, ife tili ndi makasitomala." Ndikatumiza mbalame ndi uthenga, Naomi ankaifunsa za ana ake. Sabata yathunthu inathera pa msika uja, akukangana za denga la sitolo ya Mayi Uchi. Nthawi imeneyo sindinali wodekha ngati lero. Mumtima munkatentha.

Ndiye tsiku lina ndinabweretsa chigumula. Ndinati madzi akukwera pachilumba, msika ukumira, aliyense athawire kumpoto. Esnart anakana kuthawa. Anati Mayi Uchi amanga mpanda wa phula kuzungulira msika. Anali atatsala ndi nthangala imodzi yokha. Anauzira mpweya m'kapu, anagwedeza nthawi yaitali, n'kuvundikira. Ndinapendeketsa kapu pang'ono. Inali faivi. Madontho asanu aja ndimawaonabe.

"Wani," ndinatero, n'kukokolola dayisi msangamsanga.

Esnart anatenga nthangala yake yomaliza n'kuiika yekha m'dzanja langa. Sanalire. Tinatsika tonse, Mabvuto anakumba kadzenje ndi mtengo, tinaika chigoba chija n'kukwirira. Mabvuto anavula legeni m'khosi ngati mmene amuna amavulira chipewa pamaliro. Ndinkamva manyazi, komanso, ndinene zoona, ndinkamva kukoma kuti tsopano tipita kwa Chimatope. Pamenepo Naomi, amene nthawi yoponya ija anali chigonere chafufumimba pafupi ndi kapu, analankhula motsitsa mawu.

"Asisi, inali faivi. Ndinaona."

Esnart anatembenukira kwa ine. Ndinadikira kuti andikalipire m'Chikunda, koma sanatero, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Anangoti, "Sewera wekha ndi dziko lako." Anadutsa m'chimanga kupita kumunda kwawo, osacheuka.

Masiku atatu otsatira anali aatali. Mabvuto ankangolasa zitsa ndi legeni. Naomi sankandilankhula. Ndinayesa kuwafotokozera za Chimatope, ndinawaonetsa ngakhale chithunzi, koma Mabvuto anangoti, "Ndiye tikaponya, tidziwa bwanji?" Katoni inali gone pakona, ikununkha chinyezi, mizere ya makala itayamba kufufutika. Choipa kwambiri chinali chakuti madzi a pakhwawa anayamba kuphwa. Mwala umene tinkayezera kuya kwa madzi unali utaonekera mutu. Atate anati Lolemba tibwerera kusukulu. Ndinawerenga masiku pa zala, anatsala anayi. Ndinadziwa kuti Esnart akapanda kubwera masiku amenewo asanathe, Dziko la Kutsidya lithera pa bodza langa, ndipo mwina ubwenzi wathu nawo uthera pomwepo.

Lachisanu m'mawa ndinafukula chigoba chija, ndinachitsuka ndi mchenga mpaka mizere yake kuwala, n'kupita nacho kwawo. Amayi ake anali pakhonde akupeta mapira. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo anangoloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba, akumwetulira ngati akudziwa zonse. Esnart anali akutsuka mbale. Ndinaika chigoba pafupi ndi phazi lake.

"Ndinanama," ndinatero. "Inali faivi. Mpanda wa phula unagwira."

"Ndikudziwa kuti unagwira. Ndinaumanga ndine."

Anapitiriza kutsuka mbale mpaka yomaliza, ine chiimire. Kenako anapukuta manja n'kundipatsa malamulo ake awiri. Loyamba, kapu ithe. Dayisi izigwera m'lichero, poyera, maso onse akuona. Lachiwiri, chilombo changacho chikhale ndi nthangala zitatu ngati wina aliyense, ndipo sikisi akagwa, nachonso chizimvera. Lachiwirili linandiwawa. Chimatope ndinali nditachilera ngati mwana. Koma ndinavomera. Esnart anapita kwa amayi ake n'kupempha lichero lakale long'ambika m'mphepete, ndipo tinathamanga nalo kumunda, iye patsogolo, akukuwira Mabvuto tisanafike n'komwe.

Tsiku limenelo anapita okha kumpoto, osakankhidwa. Ndinatsegula buku la masamu, ndinasintha mawu kukhala aakulu, ndinagwedeza nsanja ndi mapazi. Naomi anabisala kumbuyo kwa Mabvuto. Kapitao anaponya mkondo wake wa mphezi, dayisi inazungulira m'lichero, tonse mitu pamodzi, n'kugwa wani. Mkondo unathyoka, njiri inathawa naye chammbuyo, tinaseka mpaka misozi. Kenako inafika nthawi ya Esnart. Ndinali nditakonzekera nkhondo. Iye anasendeza chigoba chake mpaka pamphuno pa chilombo.

"Mwaswera bwanji, agogo?" anatero. "Mukubangula chiyani chaka chonse? Ndabwera ndi uchi."

Zimenezo sizinali m'buku langa. Ndinamuuza kuti aponye. Dayisi inagunda m'mphepete mwa lichero, inabwerera, inavina pang'ono, n'kukhala. Sikisi! Mabvuto analumpha mpaka kugunda mutu kudenga, udzu kutigwera m'maso. Pakamwa panali pa Esnart. Anati Chimatope sichinali chaukali, koma mizu ya mitengo ya pamsana inkachiyabwa, ndipo panalibe wochikanda. Naomi anaitana mbalame zake zonse kuti zichikande. Chitamva kukoma chinadya uchi, n'kuvomera kukhala bwato lowolotsa makasitomala kupita kumsika wa Mayi Uchi.

Chilombo changa choopsa, bwato la kumsika! Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, n'kuona lichero, n'kutseka. Kenako ndinadzimva ndikufunsa ndi mawu aakulu a Chimatope aja ngati mvuu zizikwera ulere, ndipo masewera anayaka moto kuposa kale lonse. Anyani analowa m'munda tsiku limenelo n'kuthyola chimanga cha mzere wathunthu tisanawaone. Tinakalipiridwa tonse anayi, titaima pamzere, tikutsinana kuti tisaseke.

Lolemba tinawoloka khwawa madzi ali m'mawondo, mabuku pamutu. Katoni inatha ndi chiswe chomwe chija, dayisi sindikudziwa kumene inapita. Esnart anakwatiwa ku Malama, ndipo tikakumana pamsika amandifunsabe ngati ndabwera ndi kapu kapena lichero.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti ndinagonja, kuti ndinapereka chilombo changa kuti ndigule mnzanga, ndipo ndinkaona kuti mtengowo unali woyenera. Ndakula ndi pamene ndaona kuti palibe chimene ndinataya. Chimatope cha m'buku langa chinali chithunzi chabe, chinayamba kupuma tsiku limene Esnart anachipatsa moni. Mwana wanga wamkulu tsopano amandandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde n'kundiitana kuti ndikhale ng'ona. Nthawi zambiri ndimakhala ndikudziwa kale mmene nkhani yake ingathere bwino, ndipo mawu amafika mpaka pamilomo. Ndimawameza, n'kumufunsa kuti, "Ndiye kenako chinachitika n'chiyani?"