Nthochi za Kumunsi kwa Mjigo

Bambo anga anali mkamwini m'mudzi wa mayi, kufupi ndi Kasinje. Munda umene ankalima unali wa mayi, ndipo ngakhale mthunzi umene ankapumulapo unali wa eni mudzi. Atabwerako ku migodi ya ku Joni, anafunitsitsa kukhala ndi kamalo kotchedwa kawo.

Anakapeza kumunsi kwa mjigo wa mudzi, kumene kunkathera madzi otayika pojiga ndi potsuka ndowa. Panali chithaphwi cha nkhumba ndi udzudzu, ndipo palibe ankapafuna. Bambo anakumba ngalande, naikamo mchenga ndi makala kuti sopo azitsalira m'njira, kenaka kumapeto kwake anabzala nthochi ndi mpiru. Ku yunivesite ndinakamva kuti kugwiritsanso ntchito madzi motere kuli ndi dzina lalitali ndi misonkhano yakeyake. Kwathu abale a mayi ankangoti ndi misala ya alamu awo.

Mikoko itayamba kulemera, amalume, achimwene a mayi, anakumbukira mwadzidzidzi kuti malowo anali a agogo awo.

"Alamu, mwatilimira bwino, tathokoza," anatero amalume. "Koma mkamwini sabzala zokhalitsa. Ukwati ukadzatha, mudzazisenza pamutu?"

"Dothi ndi lanu, sindikukana," anayankha bambo. "Nanga madziwa, agogo anu anakusiyiraninso?"

Nkhani inakafika ku komiti ya mjigo, imene inali ya amayi okhaokha. Wapampando sanafunse n'komwe za agogo.

"Madzi amatuluka ndi mikono yathu," anatero mayiwo. "Amene azichotsa matope m'ngalandemo m'mawa uliwonse, nthochi ndi zake."

Amalume anati oyamba kuchotsa matopewo akhale iwo, monga mwini mbumba. Ndinkawaona popita kusukulu, atapinda thalauza, akuvuula matope pakati pa amayi odikira pamzere. Ntchitoyo sinali yolemetsa. Cholemetsa chinali moni.

"Mwadzuka bwanji, akamwini atsopano? Mwakwatira kwa yani m'mudzi muno?"

"Inu, ndine mwana wa pano!"

"Ee, pepani. Khasulo latisokoneza. Apo mwasiyapo, akamwini."

Sabata isanathe, amalume anafika kwathu atagwira m'chiuno, nanena kuti msana wawo sugwirizana ndi chinyontho. Anatsamiritsa khasu pankhokwe, nafotokozera mayi, osati bambo, kuti mtundu wathu ndi wopatsa kuyambira kale, choncho malowo awabwereka alamu mpaka mjigo udzaphwe.

Bambo anaomba m'manja mwaulemu wonse, natenga khasu lija, nalunjika ku ngalande.