Anatsuka matope a mwana wanga ndi sopo

Anawatsuka. Ndi sopo! Ndikulemba uku ndikuseka, koma inu a pa ofesi ija yotumiza katundu pa Mfuwe pano, musaganize kuti mtima wanga watsika.

Ine ndine sikauti, ndakalambira mu ntchito yolondera nyama. Mwana wanga woyamba, Mailesi, akuphunzira ku yunivesite ku Lusaka, ndipo ntchito yake ndi ya ma enzaimu. Nanenso poyamba ndinkangogwedeza mutu. Anandifotokozera chonchi: thupi la munthu, la njovu, ngakhale la nyerere, limamangidwa ndi tinjerwa ta mitundu 20 totchedwa ma amino asidi. Enzaimu ndi kammisiri kosaoneka ndi maso kamene kamaumba tinjerwato. Mailesi amatenga kammisiriko n'kukasinthasintha mpaka kayambe kuumba kanjerwa kachilendo, kosiyana ndi 20 tija, koti akatswiri apangire mankhwala atsopano. Ndipo akuti ma enzaimu olimba amapezeka mu tizilombo tokhala m'madzi otentha.

Mu Okutobala anandiimbira foni. "Atate, chilolezo chatuluka, koma ine sindingachoke kuno. Mukanditengere matope pa kasupe wotentha uja wa m'paki mvula isanatseke njira. Akapanda kufika, chaka changa chonse chapita."

Anatumiza timabotolo, magolovesi ndi bokosi la ayisi. Ndinanyamuka ndi mnzanga wa ku ntchito, a Lackson. Njovu zinatikhazika pansi pa mtengo m'mawa wonse, sizinafune kuchoka pa njira. Pa kasupe ndinapsa chala. Matopewo amanunkha ngati mazira oola, koma ndinawanyamula ngati khanda. Pa bokosi ndinalemba zilembo zikuluzikulu: OSATSEGULA. Pansi pake, nambala yanga ya foni.

Pa ofesi ndinapeza mtsikana wa pa kauntala akuonera filimu pa foni. Ndinati, mwaswera bwanji amai? Anangopitiriza kuonera filimu. Ndinabwereza. Anafunsa osadzutsa mutu kuti m'bokosimo muli chiyani. Ndinati matope a sayansi. Apo ndiye anandiyang'ana, kuyambira nsapato mpaka chipewa. Anati lipita ndi basi ya 14 hours, 2 koloko masana, tsiku lomwelo. Ndinalipira, ndinathokoza, ndinaombanso m'manja. Ine wopusa ine!

Lachisanu Mailesi anaimba. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

"Atate, mwanditumizira mabotolo opanda kanthu."

"Iwe, usasewere nane."

"Oyera mbee, atate. Akununkhira mandimu."

Njinga ndinaipalasa kubwerera ku ofesi ija ngati ndikuthawa njati. Manijala anatuluka atavala tayi, kutentha konse kuja kwa m'chigwa muno. Anati bokosi linatsala chifukwa basi inadzaza. Linagona mu ofesi masiku awiri. Kenaka linayamba kununkha, makasitomala n'kumadandaula. Ndiye analitsegula, n'kuona kuti zinthu zanga zavunda. Anakhuthulira kuseri kwa chimbudzi, n'kutsuka mabotolo bwinobwino.

Ndinafunsa, nanga mawu aja OSATSEGULA simunawaone? Anati anawaona, koma anaganiza kuti ndikuuza akuba.

Nanga nambala yanga? Anati analibe tokutaimu yoimbira foni.

Ndiye anakonza tayi yake n'kunena kuti, "Atate, mukanatithokoza. Ena akanataya ndi mabotolo omwe."

Abale, ndinaseka. Ndinaseka mpaka ndinakhala pa thumba la mpunga la munthu wina. Mtsikana uja anaimitsa filimu. Ndinkafuna kukalipa, koma ndikangotsegula pakamwa ndinkaona m'maganizo anthu akuluakulu awiri atapinda malaya, akupukuta timabotolo ta sayansi ndi kansalu, akuyamikirana kuti agwira ntchito. Kodi munthu akatumiza nsomba zouma mumazisambitsanso? Akatumiza nsapato za agogo mumazithira mafuta onunkhira?

Koma pobwerera kuseka kunatha. Kumwamba kunali kutayamba kuda. Ndinaganiza za mwana amene ankayenda wapansi kupita ku sukulu ku Malama, akudikira njovu zidutse kuti akalembe mayeso. Lero chaka chake chithere kuseri kwa chimbudzi?

A Lackson sanafunse zambiri. Anangoti, "Tiyeni, mvula isanatipeze." Tinabwerera ku kasupe ndi timabotolo tina ndi bokosi lina. Chala china chinapsa. Ulendo uno sindinapatse munthu aliyense. Ndinakwera minibasi ya ku Chipata, kenaka basi ya ku Lusaka, bokosi lili pamiyendo. Kondakitala anati ndiliike pansi pa basi. Ndinamuyang'ana mmene ndimayang'anira opha nyama mozemba. Sanabwereze. Amai amene ndinakhala nawo anatsegula windo ulendo wonse, pepani kulikonse kumene muli.

Ndiye ndinalowa mu labu! Ine! Anandiveka jasi yoyera, manja ake ofika pa chigongono. Aphunzitsi ake a Mailesi ananunkhiza botolo limodzi n'kumwetulira ngati alandira uchi. Mailesi anandionetsa kabotolo ka madzi achikasu, akuti umo muli enzaimu imene waisintha kale kangapo, koma imafa ikangotenthedwa pang'ono. N'chifukwa chake akufuna ya kwathu.

Dzulo waimbanso. Tizilombo ta m'matope aja tamera! Ndipo kamodzi kali ndi enzaimu ya mtundu umene ankausaka. Akuti ntchito ikadali yaitali, mwina itheka, mwina ayi, koma chaka chapulumuka. Ndinavina pabwalo ndi yunifolomu. Amake Mailesi anatuluka akuthamanga, ankaganiza kuti ndalumidwa ndi njuchi.

Tsono inu a pa ofesi, chimwemwe changa si chikhululukiro chanu. Ndiyankheni. Ndani anakupatsani mphamvu yotsegula katundu wa anthu? Basi ikadzaza, foni ya mwini katundu imakuthawani? Ndikufuna a manijala aimbire Mailesi, apepese ndi pakamwa pawo. Tokutaimu ndigula ndine.

Anzanga a m'chigwa, ngati katundu wanu ali ndi fungo ngakhale pang'ono, mukwere naye nokha. Ndipo inu amai a ku Kawaza amene ndinakuonani pa mzere muli ndi chigubu cha thobwa chopita kwa mwana wanu ku Chipata, siyani zonse, thamangani. Mwina sanafikepo.