Sizoni ya "ana asukulu" inandichotsera mwana pakhomo

Ndinapusa pa mawu amodzi okha, mawu akuti "ana", ndipo lero mwana wanga sagona m'nyumba mwanga. Inu owerenga, izi si zam'maluwa ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo mwana wanga wamkazi, Tadala, wa sitandade 3, ndinkamulera ndekha. Nyengo ya mvula tiyi akaphuka timaweruka mochedwa, choncho ndinagula kaTV ka sola kuti iye akachoka kusukulu azikhala pakhomo m'malo mongozungulira m'malaini a nyumba za antchito. Ndinapita ku Khonjeni kwa bambo wina woika mafilimu mu fulashi n'kumuuza kuti ndikufuna za ana. Iye anati, "Mayi, tengani sizoni iyi, ndi ya ana asukulu, yoseketsa heve, yomasulira kale m'Chichewa." Bamboyo sananame. Vuto ndi loti ife timati mwana ngakhale kwa mnyamata wa fomu 4 woti amameta ndevu. Ine ndinkanena ana a mamina m'mphuno, iye ankanena ana otha msinkhu.

Kukhala pansi n'kuonerako, sindinayesepo. Ndikafika ndinkangotula dengu, ulendo wa kumpopi. M'nyumba munkamveka gulu la anthu likuseka m'filimumo, Tadala nayenso ali kikiki, ine mtima m'malo poganiza kuti pomwe anthu akuseka palibe choipa. Mnzanga wina wothyola naye tiyi atandifunsa ngati ndinaionapo, ndinamuyankha mwathamo kuti mwana wanga ndimamudziwa ndine.

Sabata lina kunabwera achimwene anga ndi akazi awo kuchokera ku Masambanjati. Achimwenewa ndi mkulu wa mpingo, komanso ndiwo mwini mbumba kwathu. Ali ndi dazi lowala bwino, ndipo pamtundu pathu palibe amene analitchulapo. Titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde, iwo n'kufunsa Tadala kuti sukulu ikuyenda bwanji. Mwana dzanja m'chiuno, anati, "Ikuyenda bwino kuposa tsitsi lanulo, madala." Kenako anayang'ana uku ndi uku akumwetulira, kudikira kuti tiseke. Palibe anaseka. Ine nkhope ndinasowa poyiika.

Achimwene sanakalipe. Anadikira kuti dzuwa lilowe, Sabata lithe, kenako anati, "Achemwali, tayatsani kaTV kanuko timuone mphunzitsi wa mwanayu." Tinaona anyamata ndi atsikana a sekondale akupsompsonana kuseri kwa kalasi, akunamiza makolo, akuyankha aphunzitsi mwano. Wina akangonyoza munthu wamkulu, gulu lija linkaseka chikhakhali. Mwana wanga anali ataphunzira kuti chipongwe chimaomberedwa m'manja.

M'mawa mwake achimwene anati mwanayo sanalakwe, koma akusowa munthu womuyang'anira, choncho apita naye kwawo. Ndinalira, ndinapepesa, ndinalonjeza kutaya fulashiyo m'chimbudzi. Iwo anangoti vuto si fulashi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinadziwa kuti akunena zoona.

Sindikunena kuti sizoni ija ndi ya satana. Mtsikana wamkulu angaonere, n'kuseka, n'kudziwa kuti ndi sewero chabe. Koma mwana wa pulayimale amatola chilichonse monga nkhuku pabwalo, ndipo pa ichi palibe amene anganditsutse. Inu owerenga, wogulitsa akati za ana, mufunseni kuti ana a msinkhu wanji. Ngakhale mutatopa chotani ndi dengu, khalani pansi muonere gawo limodzi mpaka kumapeto musanamusiyire mwana. Musangomva kuseka muli panja, lowani muone chimene chikusekedwacho.

Mwezi ukatha ndimakwera kabaza kupita ku Masambanjati kukamuona. Tadala anasintha ndithu. Amandilandira chikwama, amagwada, amandipatsa moni ndi manja awiri, kenako amanyamuka mwakachetechete kupita kukhitchini, monga amachitira ndi mlendo aliyense wofika pakhomo pa amalume ake.