Mapilitsi Awiri M'kapu ya Mphesa

Mumsewu monse ankangomutchula kuti Mayi Juwisi. Kashopu kake kanali ka chipinda chimodzi: filiji yolira ngati njinga yamoto yokalamba, makina ogayira zipatso, sefa ndi mabotolo. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndipo mphesa zinamudetsa zala mpaka sopo anagonja.

Amuna ake anali kalipentala wokhoma madenga, munthu wodwala khunyu koma wamakani osasimbika. Mapilitsi a kuchipatala ankawakana, ati amawafoola. Chaka chimene anagwa pamakwerero n'kuthyoka mkono, pawailesi pananenedwa kuti akatswiri ena anamwetsa makoswe juwisi wa zipatso zakuda, wokhala ndi zinthu zoteteza ubongo, ndipo kukomoka kunachepako. Makoswe, osati anthu! Koma abambo anangotolapo zowakomera, nati basi, iwo azimwa juwisi yekha.

Ndiye m'mawa uliwonse mayiyu ankaphwanya mapilitsi awiri ndi supuni, n'kuwasungunulira m'kapu ya mphesa mobisa. Panatha zaka ziwiri abambo osagwa, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka, kutama juwisi paliponse.

Lachitatu lina masana abambo anatulukira kushopu ali ndi mayi wina wosoka zovala, yemwe anagwira padzanja mwana wake wamkazi wa chipsera pachipumi.

"Amayi, athirireni wa mphesa uja," anatero abambo. "Mwanayu ali ndi matenda anga omwewa. Ndawauza kuti asamavutike ndi zakuchipatala."

"Tamusiyitsa mapilitsi kuyambira Lolemba," anatero wosokayo akumwetulira. "Abambowa ndi umboni wokwanira."

Mayi Juwisi anayang'ana chipsera cha mwanayo. Akanena zoona, abambo achita manyazi pamaso pa anthu, ndipo kapu ya m'mawa saikhudzanso. Akakhala chete, mwanayu akagwera pamoto kapena pamsewu. Anachita mantha. Mwana uja anali kungoyang'ana mabotolo ofiira m'filiji.

"Achemwali, pitani naye kuchipatala lero lomwe, mukawauze kuti wadumpha masiku atatu," anatero Mayi Juwisi.

"Inu amayi, mwayamba liti kunyoza malonda anu?" anaseka abambo.

"Abambo, mumamwa mapilitsi. Ndimakuthirirani m'kapumo. Zaka ziwiri zonsezi."

Makasitomala awiri amene anali pabenchi anatsitsa makapu awo pang'onopang'ono. Wosoka uja ananyamula mwana wake, wamkulu kale choncho, n'kutuluka chothamanga osatsanzika. Abambo anapukuta manja pathalauza n'kubwerera kuntchito.

Kutacha, mayiyu anagaya mphesa monga mwa nthawi zonse. Anaika kapu patebulo, mapilitsi awiri athunthu pambali pake. Tsiku limenelo abambo ankakakhoma malata panyumba yosanja.

"Ndinalakwa kukubisirani," anatero mayiyu. "Koma chonde, imwani."

Abambo anayang'ana kapu ija nthawi yaitali.

"Muli kanthu umu?"

"Mulibe. Mphesa zokhazokha."

Abambo anamwa juwisi yense mpaka kupendeketsa kapu, napukuta pakamwa. Anatenga hamala ndi thumba la misomali, n'kutuluka. Mapilitsi aja anatsala patebulo.

Mayi Juwisi anawatola, nawafumbata, n'kuthamangira kunja wopanda nsapato. Galimoto ya kuntchito imene inadzawatenga abambo inali itakhota kale pakona.