Achimwene ndi Dzanja Lamanzere

Achimwene anga anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakampani yogulitsa zipangizo za magalimoto. Makaniko akabwera ndi chitsulo chothyoka m'manja, iwo ndiwo ankachifufuza pa intaneti, kupeza nambala yake, n'kuitanitsa chatsopano. Anali munthu wosachedwa kuntchito, wosakonda zocheza, wamalaya osita bwino.

Sitiroko inawagwira m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Atatuluka m'chipatala mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono, koma dzanja lamanja linangoti lende. Bwana wawo anabwera kudzawazonda, nati, "Mpando wanu ulipo, musade nkhawa. Mukapeza bwino mubwere."

Mawu amenewo achimwene anawasunga mumtima. Ine mlongo wawo ndimaphunzitsa makompyuta kusekondale, choncho ndinapempha ahedi kuti andibwereke kompyuta yakale imene inkangodya fumbi m'sitolo. Tinaiika patebulo la pabalaza, alamu, akazi awo, atachotsapo maluwa awo apulasitiki.

Tsiku loyamba linali lomvetsa chisoni. Mausi anaigwira ndi dzanja lamanzere, kamuvi n'kumangothawira kumakona. Akafuna kudina pano, ankadina apo. Thukuta linawatuluka, kenako anakankhira mausi pansi.

"Chotsa zimenezi, mlongo wanga. Ndasanduka mwana wa mkaka."

"Mausi tiyisiye, achimwene," ndinatero. "Zambiri zimatheka ndi mabatani okha."

Ndinawaika kachala kakang'ono pa Ctrl, chala cholozera pa T. Tsamba latsopano linatseguka. Ctrl ndi W, linatsekeka. Ndinawaonetsa kuti Ctrl ndi Tab imalumphira patsamba lina, kuti batani lalitali lapansi limatsitsa tsamba, ndipo Tab yokha imakuchotsa m'kabokosi kena kukuika m'kotsatira. Polemba adiresi ya tsamba ndinazolowera Ctrl ndi L, koma L anali kutali, zala zawo sizinkafika. Tinapeza kuti Alt ndi D imachita zomwezo. Chimene anachikonda kwambiri chinali Ctrl ndi F: ungolemba nambala ya chitsulo, kompyuta n'kukulozera pamene ili pakati pa manambala mazana.

"Zaka zonsezi ndinkafufuza ndi maso," anatero. "Amene anapanga zimenezi ayenera kuti anali wamanzere." Aka kanali koyamba kuseka chidwalireni.

Miyezi inayi ankadzuka m'mamawa, kuvala malaya a kuntchito, n'kukhala patebulopo mpaka masana. Alamu ankawawerengera manambala a m'kabuku kakale, iwo n'kumawasaka. Zala zinatupa, zinaphwa, zinazolowera.

Tsiku lobwerera kuntchito ndinawaperekeza. Pampando pawo tinapeza mayi wina wovala magalasi. Anaimirira mwaulemu, koma kapu yake ndi chithunzi cha ana ake zinali kale patebulo. Bwana anatuluka muofesi akusisita manja. Mwamwayi panali makaniko amene ankadikira pampu ya mafuta, ndipo mayi uja anali asanaipeze. Achimwene anapempha kukhala. Dzanja lamanja analinyamula ndi linzake n'kuliika pamwendo, kenako zala zinayamba kuyenda. Masamba atatu anatseguka, nambala inapezeka mphindi isanathe. Makaniko uja anawomba m'manja.

"Mwachita bwino kwambiri," anatero bwana, maso ali pakhoma. "Tikambirana kaye, tikuimbirani."

Sanaimbe. Patatha milungu itatu kunabwera kalata yoti apume pantchito chifukwa cha matenda. Achimwene anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino.

Anayesa kufunsira ntchito kwina pa intaneti. Mafomu ena anali ndi nthawi yake: ukachedwa, tsamba linkadzitsekera lokha, zonse zimene walemba n'kufufutika. Kutsegula masamba ankatha, koma kulemba mbiri ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndi dzanja limodzi kunkafuna nthawi. Fomu ina anaiyamba kasanu. Ndinati ndiwalembere ine, anakana.

"Ukandilembera iwe, kuntchitoko ukapitanso iwe?"

Tinagwirizana zolemberatu mawuwo pena, n'kumangowakopera ndi Ctrl ndi C, kuwamata ndi Ctrl ndi V. Mafomu anapita, oposa makumi awiri. Malo amodzi okha anawaitana. Atalowa m'chipinda chofunsira mafunso, wofunsayo anatambasula dzanja kuti awapatse moni, achimwene n'kupereka lamanzere. Akuti mafunso anali atatu basi.

Loweruka lotsatira anandiuza kuti ndibweze kompyuta ija kusukulu, ana azigwiritsa ntchito. Ndinakana, koma iwo anali atazula kale mawaya n'kuwakulunga.

Tsopano chatha chaka. Amakhala pakhonde atavala juzi ngakhale kukutentha, kuyang'ana magalimoto odutsa. Kuchipatala kowongola ziwalo anasiya kupita. Alamu akawakumbutsa tsiku lake, amangoti, "Ndikawongolere chiyani, mayi?" Alamu amangolowa m'nyumba. Ine ndimapitako Lamlungu lililonse, timakamba za mvula ndi za ana, nkhani n'kutithera dzuwa likadali pamutu.